Akonzi, positive wa pa tesiti ya kuundana kwa magazi si chigamulo ayi

Akonzi,

Ndipatseniko danga mu nyuzi yanu ndiyankhulepo za kuyeza magazi, makamaka kwa anthu amene magazi awo amaundana pomwe sakuyenera kuundana, komanso aja amene akavulala magazi sasiya kutuluka. Nkhani za zaumoyo zomwe mumatilembera ndimaziwerenga ndithu, koma zikafika pa matenda amenewa nthawi zambiri zimangothera poti pitani kuchipatala akakuyezeni magazi, ngati kuti kuyezako ndi kumodzi basi, wabayidwa, pepala latuluka, lati eya kapena ayi, nkhani yatha. Ine ndimagwira ntchito mu labu, nde ndati ndikuuzeni kuti sizili choncho.

Chimatisokoneza ndi chizolowezi cha tesiti ya HIV ndi ya malungo ija, kamzere kamodzi ulibe, timizere tiwiri uli nawo. Komatu olo ma tesiti awiri omwewa sagwira ntchito mofanana. Pa kachipangizo ka malungo kaja anapakapo ma antibody opangidwa kufakitale, ntchito yawo ndi kugwira puloteni ya kachilombo ka malungo magazi akamadutsa. Ka HIV kozoloweka kaja ndi mosemphana, chomwe chikusakidwa ndi ma antibody a munthuyo, amene thupi lake lapanga litakumana ndi kachilombo. Pa matenda a kuundana kwa magazi njira zonse ziwirizi zilipo. Pena antibody ndi chida chathu choyezera, pena ndi iyeyo wopalamula amene tikumufunafuna, ndipo konsekonse positive payekha sanena kuti munthu akudwala chakuti.

Antibody ndi puloteni imene chitetezo cha m'thupi chimapanga, ndipo khalidwe lake ndi loti amamata pa chinthu chimodzi chokha, zina zonse amangozidutsa. Khalidwe limeneli ndi lomwe a sayansi analisilira. Mu 1975 ku Cambridge, Georges Köhler ndi César Milstein anatenga selo ya mbewa yopanga antibody nkuiphatikiza ndi selo ya khansa imene imangoswana osafa, zotsatira zake anapeza maselo omwe amatulutsa antibody wa mtundu umodzi womwewo mpaka kale. Analandira nazo mphoto ya Nobel mu 1984. Kuchokera apo ukafuna kuyeza kanthu kakang'ono kali mmagazi, umangopangitsa antibody wake nkumuika mu mankhwala oyezera.

Tiyambe ndi D-dimer poti ndi imene anthu ambiri anaimvapo, makamaka nthawi ya Covid mu 2020 pomwe odwala ambiri ogonekedwa ankawayeza. Ukadzicheka, ma platelet, tizidutswa ting'onoting'ono ta maselo ta mmagazi, amathamangira pabalapo nkumatana, kenako mapuloteni amene timawatchula ma factor amadzutsana wina ndi mnzake mpaka apanga ulusi wa fibrin umene umalukana nkumanga magaziwo kuti asiye kutuluka. Ntchito ikatha thupi limaphwasula ulusi uja pogwiritsa ntchito puloteni yotchedwa plasmin, nde tizidutswa totsala pakuphwasulapo ndi tomwe timatchedwa D-dimer. Mu labu timasakaniza madzi a magazi a munthuyo ndi timikanda ting'onoting'ono ta latex tomwe anatikuta ndi ma antibody ogwira D-dimer. Akapezeka wambiri timikanda timagwirana, madzi aja amachita mbuu, makina amawalitsa kuwala kudutsa mmenemo nkuwerenga kuti kwatsekeka bwanji, nambala nkutuluka.

Nambalayo ikakwera ikungonena kuti penapake mthupi magazi anaundana ndipo akuphwasulidwa. Zili ngati kupeza phulusa pabwalo, ukudziwa kuti panayaka moto koma phulusalo silikuuza kuti inapsa ndi nyumba kapena wina amangotentha zinyalala. Munthu amene wachitidwa opaleshoni sabata yatha D-dimer wake amakhala wokwera. Wa khansa chimodzimodzi, wa malungo aakulu, wa TB, wa chibayo, wovulala pangozi, wokalamba, onsewa. Mayi woyembekezera ndiye osanena, miyezi itatu yomaliza ambiri amadutsa malire ali bwinobwino. Nde wina akaona pepala lati high, ajambula, atumiza pa gulu la WhatsApp, anthu ayamba kumuuza kuti uli ndi magazi oundana mmapapo ukafune mankhwala osungunula magazi lero lomwe, pomwe mankhwala amenewo ukamwa popanda chifukwa akhoza kukutulutsa magazi mmimba kapena mubongo.

Mphamvu ya D-dimer ili pa negative, osati pa positive. Adokotala amayamba aona kaye munthuyo, mwendo umodzi watupa kuposa unzake kodi, katumba akupweteka, wakhala chigonere masiku angapo, ali ndi khansa, anadwalapo izi kale? Pali ndondomeko yowerengera mapointi imene anaikonza dokotala wa ku Canada Philip Wells. Mapointi akachepa ndipo D-dimer ali pansi pa malire, apo mtima ukhale pansi, sipafunikanso sikani. Mapointi akachuluka, D-dimer alibenso ntchito, munthuyo apite ku sikani ya mwendo kapena ya chifuwa mosayang'ana kuti magazi anena chani. Malire a D-dimer ma labu ambiri amaika 500, koma kwa opitirira zaka 50 madokotala ambiri tsopano amachulukitsa zaka ndi 10, kutanthauza kuti agogo a zaka 70 malire awo ndi 700. Palinso kena kosokoneza, makampani sawerenga mofanana, ena amalemba mu muyezo wotchedwa FEU ena mu wotchedwa DDU ndipo nambala ya FEU imakhala pafupifupi kawiri ya inzakeyo, komanso kampani iliyonse ili ndi antibody wakewake amene amagwira mbali yosiyana ya kachidutswako. Choncho kuyezetsa labu ina lero, ina mawa, nkumafanizira manambala kuti akwera kapena atsika, nkungodzivutitsa. Ndipo poti ma antibody oyezerawa ambiri ndi ochokera ku mbewa, alipo anthu amene magazi awo ali ndi ma antibody omata pa mapuloteni a mbewa, kapena ali ndi rheumatoid factor ya nyamakazi ija, amenewa amatha kugwirizanitsa timikanda tija popanda D-dimer wochuluka, makina nkunama.

Ndisanapitirire ndinenepo za kabotolo, poti zambiri zimalakwika magazi asanafike nkomwe pa makina. Magazi oyezera kuundana amatengedwa mu kabotolo ka chivindikiro cha buluu, pansi pake mumakhala kale timadzi ta citrate tomwe timagwira calcium kuti magazi asaundane panjira. Muyezo wake ndi magawo 9 a magazi pa gawo limodzi la timadzito, nchifukwa chake pakabotolo pali kamzere ndipo magazi ayenera kufika pomwepo. Akathera pakati chifukwa mtsempha unavuta, citrate amachuluka, tesiti imaonetsa ngati magazi akuchedwa kuundana pomwe munthu ali bwino. Akatengera pa kapaipi komwe amadutsitsirapo heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, zomwezo. Akakhalitsa maola ambiri pa tebulo ma factor ena amafooka. Nde a labu akakubwezani kuti mukabayidwenso si nkhanza ayi, olo ndikudziwa kuti kubayidwa kawiri palibe amakukonda.

Tsopano mbali ya amene magazi awo sasiya kutuluka. Anthu ambiri amangodziwa haemophilia, koma matenda obadwa nawo ofala kwambiri pa gulu limeneli ndi a von Willebrand, ndipo amagwira amuna ndi akazi omwe. Anawafotokoza koyamba ndi dokotala wa ku Finland Erik von Willebrand mu 1926, ataona kamtsikana ka zaka 5 kochokera ku zilumba za Åland komwe abale ake angapo anali atamwalira kale ndi kutaya magazi. Mtsikanayo nayenso anadzamwalira atangotha msinkhu, pa msambo wake wachinayi. Ndatchula izi dala chifukwa mpaka lero amayi ambiri amene amataya magazi ochuluka mwezi ndi mwezi, amatuluka kamfuno pafupipafupi, akachotsa dzino magazi osasiya, amangouzidwa kuti ndi mmene anabadwira. Tesiti yake imagwiritsanso ntchito ma antibody kuwerenga kuchuluka kwa puloteni ya von Willebrand mmagazi, koma puloteni imeneyi ndi yosakhazikika. Munthu akachita mantha, akathamanga, akadwala, akakhala woyembekezera kapena akamamwa mapilitsi olera okhala ndi estrogen, imakwera. Mwana amene walira nkulimbana ndi anamwino asanamubaye akhoza kutulutsa nambala yabwinobwino ali ndi matendawo. Kwina nako, anthu a gulu la magazi O mwachibadwa amakhala nayo yocheperako, pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo 4, osadwala kanthu. Ndiyenso pali ena amene puloteniyo ali nayo yokwanira koma ndi yopunduka, antibody wowerengayo amaiwerenga yonse ngati yabwino poti iye amangoona kuti ilipo, nde pamafunika tesiti ina yoona ngati ikugwiradi ntchito. Kuyeza kamodzi apa sikukwanira.

Koma chomwe chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi matenda a antiphospholipid, amene ena amawatchula dzina la Graham Hughes, dokotala wa ku London yemwe anawafotokoza mu 1983. Apa antibody si chida chathu ayi, ndi thupi lenilenilo lomwe lapanga ma antibody olimbana ndi mapuloteni ake omwe, makamaka ina yotchedwa beta-2 glycoprotein I, ndipo zotsatira zake magazi amaundana mmitsempha ya mmiyendo, mmapapo, olo mubongo, munthu wa zaka za mma 30 nkuchita sitiroko anthu nkumadabwa. Kwa amayi, timitsempha ta nsengwa timatsekeka, mimba nkumangopita padera. Madokotala amayamba kuwaganizira matendawa mayi akapita padera katatu motsatizana mimba isanakwane masabata 10, kapena kamodzi kokha mwana akafera mmimba atapitirira masabata 10, kapena akabereka masabata 34 asanakwane chifukwa cha BP yokwera kwambiri ya pamimba. Zimandiwawa chifukwa awa ndi amodzi mwa mavuto ochepa opititsa padera omwe mankhwala ake alipo, aspirin wa mlingo wochepa ndi jakisoni wa heparin nthawi yonse ya mimba, ndipo amayi ambiri amabereka bwinobwino akathandizidwa choncho. Koma mayi angathandizidwe bwanji ngati palibe anaganizako zomuyeza?

Ma tesiti ake ndi atatu ndipo amayenera kuyendera limodzi: lupus anticoagulant, anticardiolipin, ndi anti-beta-2 glycoprotein I. Awiri omalizawa nthawi zambiri amayezedwa ndi njira ya ELISA, imene Eva Engvall ndi Peter Perlmann anaitulukira ku Stockholm mu 1971. Timakhala ndi kambale ka pulasitiki ka timaenje 96, pansi pa kadzenje kalikonse anamatapo chinthu chomwe antibody wa wodwalayo amakonda. Timathira madzi a magazi, kudikira, kutsuka, kenako kuthira antibody wina wa kufakitale amene ntchito yake ndi kugwira ma antibody a munthu, ndipo ameneyu wanyamula enzyme yosintha mtundu wa madzi. Kadzenje ka munthu amene ali nawo ambiri kamasanduka buluu woderako uku ukuona, ukathira asidi woimitsa kamakhala chikasu, makina nkuwerenga. Antibody kugwira antibody mnzake, basi.

Lupus anticoagulant yekha ndi wachilendo, sitimuona mwachindunji, timangoona zochita zake. Mu kabotolo amachedwetsa magazi kuundana, koma mthupi amachita zosemphana, amawaundanitsa. Munthu wosadziwa akaona pepala loti magazi akuchedwa kuundana aganiza kuti wodwalayu ali pachiopsezo chotaya magazi, pomwe ngozi yake ndi inayo. Imodzi mwa njira zomusakira imagwiritsa ntchito ululu wa njoka ya ku India yotchedwa Russell's viper, eya ululu weniweni wa njoka wosungunulidwa, poti umadzutsa factor X mwachindunji. Madzi a magazi ake timawazunguza pa makina kawiri kuti ma platelet atheretu, akatsalamo amabisa antibody uja tesiti nkutuluka negative wabodza. Ndipo munthu akakhala kuti akumwa kale mankhwala osungunula magazi ngati rivaroxaban kapena warfarin, tesiti imeneyi imasokonekera, ikhoza kunena positive pomwe mulibe kanthu. Nchifukwa chake pa fomu timafunsa mankhwala omwe munthu akumwa, ndipo malo amenewo ndi omwe amabwera osalembedwa kawirikawiri.

Apa ndi pomwe pali lamulo lomwe ndikufuna owerenga alisunge. Positive woyamba sawerengedwa payekha. Akatswiri atakumana ku Sydney anagwirizana, ndipo zinasindikizidwa mu 2006, kuti tesiti ibwerezedwe patapita masabata osachepera 12, ikakhalabe positive komanso munthuyo anakumanadi ndi vuto la kuundana kapena la mimba, apo ndiye tinganene kuti ali ndi matendawa. Chifukwa chake nchoti ma antibody amenewa amatha kubwera kwa kanthawi munthu akadwala matenda ena, malungo, HIV, chindoko, matenda a chiwindi, kenako nkuzimiririka okha. Za chindokozi zili ndi mbiri yake. Cardiolipin, komwe kunachokera dzina la anticardiolipin lija, ndi mafuta amene Mary Pangborn anawapatula kuchokera mu mtima wa ng'ombe mu 1941, ndipo ndi omwe ali mu tesiti yakale ya chindoko ya VDRL ndi RPR. Nde mayi amene ali ndi ma antibody a antiphospholipid akhoza kupezeka positive wa chindoko ku sikelo asanadwalepo chindoko chibadwire. Tangoganizani zomwe pepala lotero lingachite mbanja, pomwe tesiti yachiwiri yosaka kachilombo ka chindoko kenikeniko ikanathetsa nkhani. Amene ma tesiti onse atatu ali positive ndi amene ali pachiopsezo chachikulu, ndipo kwa iwowa kafukufuku anaonetsa kuti warfarin wakale uja amateteza bwino kuposa rivaroxaban, olo kuti warfarin ndi wotopetsa ndi kuyezetsa pafupipafupi INR, tesiti yoona ngati mlingo wake uli bwino. Woyembekezera yekha warfarin ayi, amaononga mwana.

Heparin yemwe ndamutamanda uja nayenso ali ndi nkhani yake. Anthu ena ochepa, pakatha masiku 5 mpaka 10 akulandira heparin, thupi limapanga ma antibody olimbana ndi puloteni ya ma platelet yotchedwa PF4 itagwirana ndi heparin. Ma platelet amatsika, nthawi zambiri ndi theka kapena kuposa, koma mmalo motaya magazi munthu amayamba kuundana magazi koopsa, ndipo kuonjezera heparin ndi kukolezera. Tesiti ya ma antibody amenewa ikati negative imadalirika, ikati positive pamafunika nzeru, poti odwala ambiri makamaka ochitidwa opaleshoni ya mtima amapanga ma antibody amenewa osawavulaza. Mu 2021 tesiti yomweyi ndi imene inathandiza Andreas Greinacher wa ku Greifswald ku Germany pamodzi ndi anzake, komanso magulu ena ku Norway ndi ku Britain, kuzindikira chomwe chinkachitika mwa anthu ochepa kwambiri amene anaundana magazi atabayitsa katemera wa Covid wa AstraZeneca, ndipo kenako zinaonekanso ndi wa Johnson & Johnson. Anapeza ma antibody a PF4 mwa anthu oti sanalandirepo heparin. Chinanso chomwe chinaoneka nchoti ma tesiti achangu omwe amagwira bwino pa vuto la heparin ankaphonya ambiri mwa odwala amenewa, ELISA ndi imene inkawagwira. Dzina la tesiti limodzi, makina osiyana, mayankho osiyana.

Za haemophilia ndingodutsamo mwachangu. Mtundu A ndi kusowa factor VIII, umapezeka mwa mwana wamwamuna mmodzi pa pafupifupi 5,000 obadwa, mtundu B ndi kusowa factor IX ndipo ndi wosowa kuposa apo. Mankhwala ake ndi kumupatsa factor yomwe akusowayo, koma pa ana 10 aliwonse a mtundu A woopsa, pafupifupi 3 thupi lawo limaiona factor ija ngati mlendo nkupanga ma antibody oipha. Makolo amangoona kuti jakisoni amene ankathandiza wasiya kugwira, bondo likungotupabe. Timayeza ndi njira ya Bethesda ya mu 1975, kusakaniza madzi a magazi a mwanayo ndi a munthu wabwinobwino, kuwasiya maola 2 pa kutentha kwa madigiri 37, nkuona kuti factor VIII yatsala yochuluka bwanji. Mu 2017 ku America kunavomerezedwa mankhwala a emicizumab, omwe nawonso ndi antibody wopangidwa mu labu, dzanja limodzi amagwira factor IX lina factor X nkugwira ntchito ya factor VIII yosowayo. Ndi mankhwala abwino zedi, koma amanamiza tesiti wamba ya aPTT, yoyeza nthawi imene magazi amatenga kuti aundane, imatuluka yabwinobwino ngati mwanayo alibe haemophilia nkomwe. Wa labu kapena dokotala wa opaleshoni akapanda kuuzidwa kuti mwana ali pa mankhwala amenewa akhoza kuwerenga pepala molakwika.

Pempho langa ndi ili akonzi. Pa 17 April dziko lonse lapansi limakumbukira haemophilia, ndipo pa 13 October ndi tsiku la matenda a kuundana kwa magazi, linayamba mu 2014 ndipo anasankha tsiku lobadwa la Rudolf Virchow, dokotala wa ku Germany amene anafotokoza mmene magazi oundana mmwendo amathothokera nkukatseka mmapapo. Masiku amenewa akamafika musamangofunsa madokotala okha, mutumeko mtolankhani akacheze ndi a mu labu, akaone kabotolo ka buluu kaja ndi kamzere kake. Ndipo mukalembe kuti munthu akalandira pepala lake afunse adokotala kuti tesiti imeneyi ikusaka chani, mimba kapena matenda amene ndadwala posachedwa kapena mankhwala amene ndikumwa angaisinthe kodi, nanga ndibwerenso liti kudzabwereza. Amene ali pa warfarin, heparin, rivaroxaban kapena emicizumab anene yekha asanabayidwe, asadikire kufunsidwa.

Ndine wanu,
Wowerenga wa mu labu